Musanakweze Lata Loyamba

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ogulitsa malata pa Kasungu boma sakhalanso pansi. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka mvula itayandikira, m'misewu yopita ku Santhe, Chamama, Chulu, Wimbe ndi Nkhamenya mumadutsa ngolo, njinga ndi magalimoto zitasenza malata onyezimira. Amene sanalime fodya wagulitsa soya kapena mtedza, nayenso ulendo wake ndi womwewo. Nyumba zimene zakhala zaka ziwiri kapena zitatu zili makoma okhaokha zimafoleredwa m'miyezi imeneyi.

Zimenezi n'zokondweretsa, pakuti denga labwino ndi mbali ya thanzi la banja. Chinyezi chimachepa, moto sugwira msanga ngati pa udzu, ndipo mipata ya pamwamba pa khoma ikatsekedwa bwino udzudzu umasowa polowera. Koma taonani pepala limene mwininyumba amalembapo zogula: malata, misomali, matabwa, mayendedwe, malipiro a mmisiri. Zonsezo ndi za denga. Za munthu amene akwere pamwambapo palibe, ngakhale mzere umodzi. Aponda pati? Akaterereka chimugwire n'chiyani? Mafunso awa amayankhidwa pansi, munthu asanakwere, ndipo woyenera kuwafunsa ndi inu amene mwagwira ndalama.

Mamita atatu si pafupi

Ambiri timaganiza kuti kugwa koopsa ndi kwa amisiri omanga nyumba zosanja ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Nyumba yakumudzi timaiona ngati yaifupi. Khoma la nyumba zathu zambiri limatalika pafupifupi mamita 3, ndipo pamsonga pa denga pamafika mamita 4 kapena 5. Munthu wogwa kuchokera pa mamita 3 amafika pansi sekondi imodzi isanakwane, ali pa liwiro la makilomita 27 pa ola. Kuchokera pa mamita 5 liwirolo limafika makilomita 35 pa ola. Yerekezani njinga yamoto yothamanga chotero itawomba khoma la njerwa, wokwerayo alibe chipewa chodzitetezera. Nthawi yoganiza kapena yogwira kanthu sipakhala.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo oposa 80 mwa 100 alionse ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Chiwerengerochi chikuphatikiza okalamba ogwa m'nyumba, ana ogwa m'mitengo komanso anthu ogwa pantchito. Pa ngozi zonse zopha anthu, kugwa kumangoposedwa ndi ngozi zapamsewu. Ku United States, kumene amalemba imfa iliyonse ya pantchito, kugwa ndiko kumapha anthu ambiri pa ntchito ya zomangamanga, ndipo lamulo la kumeneko limafuna chitetezo munthu akangokwera mafiti 6, omwe ndi mamita 1.8. Nyumba yanu ya ku Chamama inadutsa kale msinkhu umenewo lintala lisanaikidwe.

Ndipo si onse ogwa amene amafa. Ena amathyoka msana n'kusiya kuyenda. Bambo amene amadyetsa banja ndi hamala ndi sowo amakhala wotembenuzidwa pamphasa, mkazi wake n'kusiya kumunda kuti azimusamala, ana n'kusiya sukulu.

Anthu amagwa bwanji?

Timakonda kunena kuti tsoka silinunkha. Koma ngozi za padenga zimadzera njira zodziwika, ndipo zambiri zimaoneka ndi maso tsiku lisanafike.

Yoyamba ndi kuterereka. Malata atsopano amakhala ndi kamafuta kochokera kufakitale. Mu Juni ndi Julayi mame amakhala padenga mpaka dzuwa litakwera, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala fumbi limachita chimodzimodzi. Onjezeranipo patapata kapena nsapato zamatope, ndiye kuti munthu wakwera kale ndi ngozi yake kumapazi.

Yachiwiri ndi kuthyoka kwa chimene munthu waponda. Mitengo yasowa m'chigwa cha Kasungu, ndipo zigafa ndi mabalani zili ndi gawo lake pa kusowako. Choncho ambiri amafolera ndi bulugamu wamng'ono wosakhwima, kapena matabwa opyapyala okhala ndi mfundo, ena ofumbwa kale. Malata nawo amasiyana: nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala, moti la geji 32 ndi lopyapyala kuposa la geji 28, ndipo palibe mwa awiriwa lopangidwira kusenza munthu pakati pa matabwa. Malata adzimbiri, malata oonekera olowetsa kuwala, ndi a asibesitosi amene akadali pa nyumba zakale za m'maesiteti, amabooka mosachenjeza. Musaiwalenso khoma. Khoma lomangira dothi limene lavumbwa mvula ya zaka zitatu lilibe denga, makamaka gebulo, si njira yoyendapo. Njerwa yapamwamba ikagwedezeka imapita pamodzi ndi woipondayo.

Yachitatu ndi mphepo. Dera lathu ndi lathyathyathya, ndipo pamene mitengo inatha mphepo imafika panyumba ndi mphamvu zake zonse. Lata la mafiti 12 limatalika kuposa mamita atatu ndi theka. Munthu akaliimika ali pamwamba, limakola mphepo ngati thanga la ngalawa, ndipo kamvulumvulu wa mu Okutobala safunsa kuti mwamaliza kukhoma kapena ayi. Mmisiri amafuna kupulumutsa lata la bwana, osalitaya, n'kupita nalo limodzi.

Yachinayi ndi makwerero ndi nsanja zongolumikiza. Mgolo wosanjikiza pa mgolo unzake, njerwa zounjika pansi pa mwendo wa makwerero, thabwa limodzi loyala pa mitengo iwiri yotsala ku chigafa: zonsezi timaziona ndipo tinazizolowera.

Yachisanu ndi magetsi. Mawaya a ESCOM afika tsopano m'malo ambiri ochitira malonda kumidzi, ndipo ena amadutsa pafupi ndi nyumba zomangidwa pambuyo pake. Lata likakhudza waya, magetsi amadutsa m'thupi la woligwira n'kumuponya pansi. Mawaya akuluakulu amatha kulumphira pa chitsulo ngakhale chisanawakhudze.

Dziwaninso kuti si pofolera nyumba yatsopano pokha pamene anthu amagwa. Tintchito ting'onoting'ono n'toopsa kwambiri chifukwa palibe amene amatikonzekera: kumata podontha mvula yoyamba itagwa, kuika sola kapena dishi, kusanja miyala pa malata amene mphepo yasasula, kutsitsa mpira wa ana. Pamenepo amakwera ndi bambo wa panyumba kapena mnyamata, ali yekha, akuti n'zakanthawi kochepa.

Kambiranani musanapangane mtengo

Tsiku lopangana ndi mmisiri, musayambire pa ndalama. Yambani ndi mafunso anayi. Amisiri, mukwerera pati ndipo mutsikira pati? Muponda pati pokhoma lata loyamba ndi lomaliza? Mukaterereka chikugwireni n'chiyani? Pansi patsala ndani?

Mwina adzakuyankhani kuti, “Bwana, ntchitoyi ndinayamba kalekale, sindinagwepo.” Akhoza kukhala akunena zoona. Koma luso silimalimbitsa thabwa lofumbwa ndipo silimaletsa mphepo. Kunonso tili ndi vuto lina: anyamata ambiri anakula akukwera m'mabalani kupachika fodya, ndiye amaona ngati kukwera akukudziwa. M'balani muli mitengo yogwira mbali zonse. Padenga la malata palibe chogwira, ndipo ndi pothetheka.

Ganiziraninso kalipiridwe. Mukapangana ndalama imodzi pa denga lonse, mmisiri amafuna kumaliza msanga kuti athamangire kwina, pakuti nyengo ya ntchito ndi yaifupi. Kumanga nsanja amakuona ngati kutaya tsiku, ndipo kusiya ntchito chifukwa cha mphepo amakuona ngati kutaya ndalama. Choncho tsiku lomanga nsanja lilowe m'pangano, lilipiridwe. Mitengo, matabwa ndi chingwe mugule ndinu, musazichotsere pa malipiro ake. Muuzeni pamaso pa mboni kuti akatsika chifukwa cha mphepo kapena mvula simudzamudula kanthu. Ndipo inu eni musamufulumize ponena kuti alendo akubwera Lamlungu kapena mitambo yayamba kuda. Kuthamanga sikufika.

Matabwa a nsanja satayika. Ntchito ikatha amasanduka mabenchi, mashelefu kapena chitseko cha khola.

Nsanja, makwerero ndi chingwe

Ntchito imene ingatheke pansi ichitikire pansi. Mafelemu a denga, amene amisiri amati mathirasi, akhomedwe pabwalo n'kukwezedwa atatha. Kuyeza ndi kudula malata kuchitikenso pansi. Felemu iliyonse ikaimikidwa imangiriridwe ku inzake ndi matabwa opingasa munthu asanaikwere, chifukwa mafelemu osamangirira amagwa motsatizana.

Nsanja ndiyo chitetezo chachikulu, pakuti imagwira aliyense, wosamala ndi wosasamala yemwe. Ikhale ya mitengo yokhwima yozikidwa pansi, yolimbitsidwa ndi ina yopingasa kuti isagwedezeke. Poponda pakhale matabwa okhuthala awiri kapena atatu oyalidwa mogundana, okhomedwa kapena omangidwa. Kunja kwake kukhale mtengo wotchinga wofika m'chiuno, pafupifupi mita imodzi kuchokera popondapo, ndi wina pakati. Nsanjayo ikhale m'munsi pang'ono mwa m'mphepete mwa denga, kuti woterereka aimire pamenepo. M'kati mwa nyumba yalaninso matabwa pamwamba pa makoma, chifukwa pamene malata asanakhomedwe munthu akhoza kugwera m'chipinda.

Makwerero ali ndi malamulo ake osavuta. Pa mamita 4 alionse okwera, miyendo yake italikire mita imodzi kuchokera kukhoma. Ngati akutsamira pa mamita 3, miyendo ikhale masentimita 75 kuchokera kukhoma. Apitirire m'mphepete mwa denga ndi mita imodzi kuti munthu akhale ndi chogwira pokwera ndi potsika. Amangidwe kumwamba, ndipo pansi pakhale posalaza ndi polimba. Ngati ndi opanga nokha, timitengo topondapo tilowe m'mphako zosemedwa, tisangodalira msomali. Wokwera ayang'ane kumakwerero, manja onse ali opanda kanthu. Hamala, misomali ndi sowo zikwezedwe m'ndowa ndi chingwe.

Pa malata okhomedwa kale, pondani pamene pali mzere wa misomali, chifukwa pansi pake ndi pamene pali thabwa. Koposa apo, yalani thabwa lalitali lokhomedwa timatabwa topondapo, lokoledwa pamsonga pa denga, kuti kulemera kwa munthu kugawikane. Nsapato zikhale zomanga ndi zingwe, za mphira kunsi, zopanda matope.

Za chingwe pafunika kumvetsa bwino. Choyenera ndi lamba wachitetezo wogwira m'mapewa ndi m'ntchafu. Chingwe chongomanga m'chiuno chikhoza kuvulaza ziwalo za m'mimba kapena kukwera n'kufinya chifuwa munthu akalendewera. Ndiye ngakhale muli ndi lamba, chingwe chikhale chachifupi moti munthu sangafike m'mphepete. Ntchito yake ndi kumuletsa kugwa, osati kumuwakha atagwa kale. Chidutse pamsonga pa denga n'kukamangidwa mbali inayo ku chinthu chosasunthika, monga mtengo waukulu wamoyo. Musachimange ku ngolo, ku galimoto, kapena ku kathabwa kongokhomera misomali iwiri. Luzi, mphira za njinga ndi chingwe chimene chapsa ndi dzuwa si zodalira. Ngati lamba wakwera mtengo kwa mmisiri mmodzi, amisiri a dera limodzi, gulu la banki mkhonde kapena komiti ya zomangamanga akhoza kugula n'kumabwerekana.

Pomaliza, sesani pansi. Zidutswa za njerwa, zitsulo zoimirira, mulu wa miyala ndi dzenje la chimbudzi losatseka zisakhale pansi pa pogwirira ntchito. Ana asasewere pamenepo, pakuti lata logwa limadula ngati chikwanje. Ngati waya wa magetsi wadutsa pafupi, kaonaneni ndi a ESCOM ntchito isanayambe. Musayese kuukankha ndi mtengo.

Nthawi yake ndi thupi la wokwera

Dikirani mame aume. M'miyezi yotentha yambani m'mawa, pumani dzuwa likafika paliwombo, n'kubwerera likapendeka. Malata amatentha kwambiri ndipo kunyezimira kwake kumathobwa m'maso. Munthu amene watuluka thukuta kwambiri osamwa madzi amachita chizungulire akangoimirira. Madzi akumwa akhale pafupi tsiku lonse, ndipo wokwera adye kaye m'mawa. Mphepo ikayamba kugwedeza lata m'manja, kukagunda bingu, kapena mdima ukayamba, tsikani. Lata lomaliza lidikire mawa.

Mowa ndi denga siziyendera limodzi, ngakhale mowa wa dzulo. Matsire amachedwetsa maganizo ndi kunjenjemeretsa miyendo. Musalipire mmisiri kapena omuthandiza ndi mowa, ndipo wobwera akununkha kachasu abwerere kwawo. Mankhwala ena a chimfine ndi a ziwengo amagonetsa. Wodwala khunyu, womva chizungulire kawirikawiri, wongochira kumene malungo, ndi amene shuga kapena kuthamanga kwa magazi sikunakhazikike, apatsidwe ntchito ya pansi. Foni itsale m'thumba la jekete pansi pa mtengo.

Mutu umodzi susenza denga. Munthu asakwere ali yekha panyumba, ngakhale pa kantchito ka mphindi zisanu. Ana asatumidwe padenga konse. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kupatsa ana osakwana zaka 18 ntchito zoika moyo wawo pachiswe, ndipo kupepuka kwa thupi la mwana si chifukwa chomukwezera pa malata ofooka.

Munthu akagwa

Mphindi zoyamba zimatha kupulumutsa kapena kulumalitsa munthu. Chifundo chimatiuza kuti timudzutse, timukhazike, timumwetse madzi. Zonse zitatuzi n'zolakwika.

Ngati pali waya wa magetsi, musamukhudze mpaka mutatsimikiza kuti magetsi azimitsidwa. Kenako mulankhuleni ndipo onani ngati akupuma. Muganizireni ngati wothyoka khosi kapena msana mpaka achipatala atamuyeza. Munthu mmodzi agwade kumutu n'kugwira mutuwo ndi manja awiri kuti usatembenuke. Pamene pakutuluka magazi psinjani ndi nsalu yoyera. Musamukoke miyendo, musawongole fupa, musamusisite, musamuteme mphini, ndipo musamupatse chakudya kapena chakumwa, chifukwa mwina afunika opaleshoni. Akayamba kusanza, mutembenuzeni thupi lonse pamodzi ngati chipika, mutu, mapewa ndi chiuno zili pa mzere umodzi.

Pomunyamula gwiritsani ntchito chitseko kapena thabwa lalikulu, anthu anayi kapena asanu, wogwira mutu ndiye azilamula. Ikani nsalu zopindapinda mbali zonse za mutu n'kumumanga ndi zitenje kuti asagwedezeke. Musamukweze pa kabaza atakhala tsonga. Pezani galimoto imene angagone chowongoka.

Chenjerani ndi munthu amene wagwa, n'kudzuka, n'kunena kuti ali bwinobwino. Magazi amatha kutuluka pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza kapena m'mimba, munthu n'kumayenda ndi kulankhula kwa maola angapo, kenako n'kukomoka. Aliyense wogwa kuchokera padenga apite kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro izi zikutanthauza kuti musachedwe ngakhale pang'ono: kusanza, mutu wopweteka mowonjezereka, tulo tosadziwika bwino, kulankhula zosokonekera, magazi kapena madzi otuluka m'khutu kapena m'mphuno, dzanzi kapena kufooka kwa manja ndi miyendo, kulephera kukodza, kupuma movutika, ndi mimba yopweteka kapena youma. Wogwa choimirira n'kuvulala zidendene ayezedwenso msana. Wochekedwa ndi lata kapena wobayidwa ndi msomali afunse za katemera wa kafumbata.

Kumbukirani kutalika kwa njira. Chipatala cha boma cha Kasungu, cha Nkhamenya ndi cha St Andrew's ku Mtunthama zimalandira ovulala, koma wovulala kwambiri mutu kapena msana amatumizidwa ku Lilongwe, ku Kamuzu Central Hospital, kumene kulinso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Kuchokera pa Kasungu boma ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, osawerengera msewu wafumbi wochokera kumudzi. Choncho tsiku lofolera khalani ndi nambala ya mwini galimoto wapafupi ndi kandalama ka mafuta.

Udindo ndi wa yani?

Dziko lathu lili ndi lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, komanso lamulo la 2000 la chipukuta misozi kwa ovulala pantchito. Pali bungwe la boma limene limalembetsa makontilakitala, ndipo TEVETA imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Wovulala pantchito, kapena abale ake, akhoza kukafunsa za ufulu wake ku ofesi ya zantchito ya m'boma. Koma kunena zoona, woyendera malo antchito safika pa nyumba ya zipinda zitatu yomangidwa kumudzi ndi mmisiri wa ganyu ndi dakaboyi wake. Kumeneko woyendera ndinu.

Maganizo amenewa si atsopano. Pa Deuteronomo 22:8, lamulo la Mose linkafuna kuti womanga nyumba yatsopano amange kakhoma kuzungulira denga, kuti munthu akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Madenga a ku Israeli anali athyathyathya ndipo anthu ankakhalapo, pamene athu ndi opendekeka ndipo timangokwerapo pogwira ntchito. Koma onani amene lamulolo linkamuloza chala: si wogwayo, ndi mwini nyumba. Silinamulole kunena kuti wagwa ndi kusasamala kwake.

Amayi, nkhaniyi ndi yanunso. Nthawi zambiri ndinu mumakhala pakhomo ntchito ikamachitika, ndinu mumaona mphepo ikusintha, ndinu mumadziwa ngati mmisiri wadya kapena wamwa. Muli ndi ufulu wonena kuti, “Amisiri, tatsikani kaye.” Ndipo inu amisiri, kupempha nsanja si mantha. Mukauza bwana kuti simukwera popanda poponda polimba, mukuphunzitsanso mnyamata amene akukupatsirani misomali.

Choncho musanapite kukagula malata chaka chino, tengani pepala la zogula muonjezere mizere inayi: mitengo ndi matabwa a nsanja, makwerero olimba, chingwe chatsopano, ndi malipiro a tsiku limodzi lokonzekera. Ngati ndalama sizikukwana, folerani mbali imodzi, inayo idikire. Chipinda chosafolera mudzachifolera chaka chamawa, koma msana wothyoka ulibe sitolo yokaugula.